Njati ya Atate ndi Zidina za Amayi

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa pabanja pathu ikukambidwa molakwika, ndipo cholakwacho chayamba kubala ana. Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kwathu, kuseri kwa Chalimbana, ndipo ndinapeza Mabvuto, mwana wa mlongo wanga, atatulutsa galimoto ya malemu atate pansi pa mtengo wa mango pamene yakhala zaka zambirimbiri. Waitsuka, waiveka matayala akuluakulu onga a galimoto zoyenda m'tchire, ndipo tsopano akufufuza pa foni njira yowonjezera mphamvu ya injini. Anandiuza monyadira kuti ntchitoyi si yachilendo pamtundu pathu, poti agogo ake a Lazaro, amalume anga, anaichita kale pa galimoto yomweyo ndipo inatheka. Ndinamuuza kuti sizinayende choncho. Anandiseka mwaulemu, monga mmene anyamata amasekera azakhali awo amene anakalambira m'kalasi. Ndaphunzitsa ana zaka zoposa makumi atatu, ndipo ndikudziwa kuti mawu apakamwa amauluka. Choncho ndalemba.

Pamene zimenezi zinkachitika ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Atate anali atagula galimotoyo kwa mzungu wina wa pafamu amene ankabwerera kwawo. Inali ya ku Amereka, yaitali, yotambalala, yamakomo awiri okha, yofiira mozilala, ndipo injini yake inali ya masilinda asanu ndi atatu. Ikalira, nkhuku zinkathawira pansi pa nkhokwe. Anthu anaitcha Njati. Inapangidwa kuti izithamanga pa misewu ya phula, koma atate anaiikira chokolekera kumbuyo n'kuisandutsa ng'ombe ya pangolo, poti ng'ombe zathu zinali zitafa ndi matenda chaka cham'mbuyo. Mwezi wa Juni chaka chimenecho Njati inakoka tirela yodzaza matumba a chimanga kuchokera kumunda wa kudambo, n'kukwera chitunda cha pa Mpundu mpaka pakhomo, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, osadandaula. Ndinalipo, ndinkakhala pamwamba pa matumbawo.

Vuto limene atate ankaliona linali lina. Msewu wathu unali ndi msana pakati, ndipo mimba ya galimoto inkakhula pansi. Kawiri konse sailensa inathothoka. Ndiye mu Ogasiti anapereka mbuzi ziwiri n'kutenga matayala anayi a kalole kena kamene kanafera ku Palabana. Anali aatali kufika m'chiuno mwanga. Wowotcherera zitsulo anaboola marimu kuti agwirizane, n'kudula m'mphepete mwa madigadi kuti matayalawo alowe. Njati inatukuka, inaoneka yoopsa, ndipo sinakhulenso pansi. Nzeru imeneyi inali ya atate eniake, ndipo aliyense wobwera pakhomo ankayamba wazungulira galimotoyo asanapatsidwe mpando.

Nthawi yonseyi ine ndi amayi tinali kudambo kuumba zidina. Nyumba yathu inali yamitengo yomata ndi dothi, yodontha mbali ya kum'mawa, ndipo amayi anali atalumbira kuti sadzagonanso dzinja lina akusuntha mphasa pothawa madontho. Dothi labwino linali pa chulu cha kudambo, pafupi ndi madzi, pamene malo omangapo nyumba anali pamwamba pa chitunda. Kuyambira Julayi tinkadzuka kunja kukali chisisira. Amayi ankakumba ndi kuponda dothi, ine ndinkatunga madzi, kenako tinkathandizana kunyamula chikombole. Zala zinkang'ambika ndi mphepo. Pofika kumapeto kwa Sepitembala zidina zinali zitauma, zazikulu, zolemera, zosanjidwa m'mizere ngati ana pa asembule. Zidina si njerwa zowotcha: mvula ikazipeza pabwalo zimabwerera kudothi kumene zinachokera. Chotsala chinali chimodzi, kuzikweza pamtunda ndi kumanga mvula isanagwe.

Tsiku loyamba tinapakira tirela, atate analiza galimoto, ndipo tinafika pakati pa chitunda. Pamenepo Njati inayamba kutsokomola, kunjenjemera, n'kuzima. Anaibwezera pansi, anayamba ndi liwiro, inafikanso pomwe paja n'kuzima. Kachitatu anaponda mafuta kwambiri akusewera ndi kilatchi, ndipo kunatuluka fungo lopsa lonunkha ngati nthenga pamoto. Tinatsitsa zidina m'mbali mwa msewu. Atate anati injini yakalamba, ikufunika kuwonjezeredwa mphamvu, ndipo anatumiza uthenga kwa amalume a Lazaro.

Amalume a Lazaro anali mlongo wa amayi, munthu wansangala, amene anagwirapo ntchito zaka ziwiri pa galaja ina ku Lusaka. Ntchito yake yeniyeni kumeneko sitinaidziwe, koma anabwerako ndi ovolosi ndi masipanala anayi. Sabata yoyamba anatembenuza disitiribyuta, kachipangizo kamene kamagawa moto ku mapulagi, ponena kuti moto ukuchedwa. Galimoto inayamba kuwomba ngati mfuti, koma chitunda sinakwere. Sabata yachiwiri anachotsa kabureta, chiwiya chosakaniza petulo ndi mpweya, n'kuikapo yaikulu ya lole. Anati njati siimwera m'kapu. Utsi wakuda unadzaza bwalo, petulo amene atate ankamufunafuna movutikira ankatha ngati madzi, ndipo galimoto inafooka kuposa kale poyamba kuyenda. Inkangolusa ikafika pamalo athyathyathya, pamene sitinkafuna ukali wake.

Ine ndinali ndi maganizo anga, ndipo sanachokere m'buku. Kumishoni kunali chitsime chopukusa, chokhala ndi mtengo wopingasa pamene tcheni cha ndowa chinkakulungika. Mtsikana aliyense wotunga pamenepo ankadziwa m'mikono mwake kuti poyamba kupukusa sikuvuta, koma tcheni chikakulungana pamwamba pa chinzake, mpukutu n'kunenepa, ndowa yomweyo imalemera. Madzi ndi omwewo, mkono ndi womwewo, chasintha ndi kukula kwa chozungulira. Ndinkayang'ana matayala aja n'kumaona mpukutu wonenepa. Komanso ndinkakumbukira za Juni.

Loweruka lina, galimoto itazimanso pa chitunda, abambo asanu kapena asanu ndi mmodzi a m'mudzi ataunjikana pa boneti, ndinalankhula. Sindinagwade, sindinayambe ndi kupepesa, sindinadikire kuti anthu achoke. Ndinaima ndi mwala wotsekera tayala m'manja.

"Batate, motoka iyi inali kukwera bwino pa Juni na chimanga. Yayamba kukangiwa pamene munaika matayala aya. Bwezani akale aja."

Amalume anapukuta manja pa ovolosi. "Mwamvela, alamu? Giredi seveni yatipatsa makanika. Nimupase masipanala, ine nikaumbe zidina."

Abambo aja anaseka. Wina anati ana a masiku ano aphunzitsa nkhuku kuikira. Atate sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti chimene chawapweteka si mawu okha, koma mbuzi ziwiri zija ndi alendo onse amene anawazungulitsa galimotoyo. Sanandimenye, sanali munthu womenya ana. Analankhula motsitsa.

"Matayala si injini. Veronika, pakamwa pako pasachokenso mawu a motoka iyi. Wamvela? Nchito yako ni mwala."

Kuyambira tsikulo ntchito yanga inakhaladi mwala. Ndinkathamanga kumbuyo kwa tirela m'fumbi ndi utsi, kuti ikazima ndiike mwala pansi pa tayala isabwerere. Amayi anali kudambo tsiku limene ndinalankhula. Anangomva kuti ndachita chipongwe pamaso pa anthu. Atandifunsa chimene ndinanena, ndinayankha kuti atate andiletsa kutchula galimoto. Yankho limeneli ndinalipereka ndi nkhope ya mwana womvera, koma mumtima munali njiru. Ndinkafuna alephere. Ndinkafuna ayese zonse, zikane, kenako abwere adzandifunse.

Anayesadi zonse. Sabata yachitatu amalume anadula paipi ya utsi kuti injini izipuma momasuka, ndipo phokoso lake linkamveka mpaka kumishoni. Akatekisiti anabwera kudzapempha kuti Lamulungu m'mawa Njati izipumula. Sabata yachinayi anamasula hedi, chivundikiro cholemera cha pamwamba pa masilinda, n'kunena kuti akaipala pang'ono injini idzafinya mwamphamvu. Pofuna malo osalala opalirapo, anatenga galasi la zenera limene amayi anagula ndi ndalama za tomato n'kulisunga pansi pa bedi kuyembekezera nyumba yatsopano. Analigoneka pa tebulo, anapakapo mankhwala okhakhala, n'kumakhula hediyo masiku awiri akuimba nyimbo za kwaya. Galasilo linachita mizere, ndipo tsiku lachiwiri linasweka. Amayi anatola zidutswazo.

Kunja kunali kutatentha, kutentha kwa Okutobala kumene kumaumitsa malovu. Masana mitambo inkasonkhana kum'mawa n'kubalalikanso. A Shadreki, oyandikana nawo nyumba, anabwera kudzanena kuti ng'ombe zawo ziwiri zilipo ndi ngolo, tikhoza kumatuta pang'onopang'ono. Atate anathokoza n'kukana. Anati munthu wokhala ndi galimoto pakhomo akabwereka ngolo, mudzi wonse udziwa kuti anagula chitsulo chakufa. Amayi anayamba kusenza zidina pamutu, ziwiriziwiri, ulendo wotha pafupifupi ola kupita ndi kubwera. Ndinkawathandiza ndikaweruka kusukulu. Mulu wa kudambo sunkaoneka kuchepa.

Potsiriza amayi anapita okha kumishoni, osapempha chilolezo, kukaitana a Damiano. Awa anali mkulu amene anasamala mathirakitala a pafamu ya mishoni moyo wawo wonse. Pa nthawiyi maso awo anali atachita ng'ala, moti ankangoona zithunzithunzi, koma anthu ankati injini amaimva ndi khutu kuposa mmene ena amaionera ndi maso. Anabwera Loweruka masana, amayi atawagwira dzanja. Njati anali asanaionepo ndi kale lonse. Anawakhazika pa mpando pafupi ndi boneti, ndipo anapempha kuti iliridwe. Anamvetsera, mutu atapendeketsa, dzanja lili pa chitsulo. Kenako anauza amalume kuti afotokoze zimene achita, chimodzichimodzi. Pa chilichonse ankangoti, "Hmm." Amalume atamaliza, mkuluyo anati injini imene ikufunika pokoka katundu si yolusa ikathamanga, koma yokankha mwamphamvu ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo kabureta yaikulu ndi paipi yodula zinali zitaba mphamvu yomweyo. Analamula kuti zonse zibwerere mmene zinalili. Ndipo anafunsa ngati galimotoyo inayamba yakwerapo chitundacho ndi katundu. Atate anavomera kuti inakwera mu Juni.

"Ngati inakwera pa Juni, injini iyi siinakalambe pa myezi itatu," anatero a Damiano. "Chilipo chinasintha. Nichani chinasintha pakati apa?"

Atate anayankha kuti pa injini panalibe chimene chinasintha kufikira amalume atabwera. Sindikhulupirira kuti ananama mwadala. Kwa iwo matayala sanali injini, ndipo funso linali la injini. Abambo amene anandiseka tsiku lija analipo awiri, koma mwina anali ataiwala, mwina sanafune kuchititsa manyazi mwini khomo. A Damiano anatembenuza nkhope yawo pang'onopang'ono kuzungulira bwalo lonse, maso oyera aja akudutsa pa aliyense wa ife.

"Kulibe china? Ngakhale chaching'ono. Ngakhale mwana anene."

Ndinali nditaima mapazi anayi kuchokera pa tayala lakutsogolo. Ndikanangowagwira dzanja n'kuliika pa tayalalo, sindikanafunika kutsegula pakamwa, ndipo lamulo la atate silikanasweka. Zimenezi ndinaziganiza pomwepo, si nzeru yobwera pambuyo. Ndinayang'ana atate. Ndinkadikira kuti anditchule dzina, anene kuti mwana uyu ananenapo kanthu. Iwo ankayang'ana boneti. Ndiye nanenso ndinayang'ana pansi, n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi, mpaka mkuluyo anausa moyo n'kupempha madzi akumwa.

Malangizo awo otsiriza anali akuti, poti chifukwa chenicheni sichikudziwika, tizipakira pang'ono. Kubwezeretsa kabureta ndi kuwotcherera paipi kunatenga masiku anayi. Njati inayamba kukwera ndi kagawo kakang'ono ka tirela, movutikira, kilatchi ikununkha, ndipo petulo wa ulendo uliwonse anali yemweyo ngati wa tirela yodzaza. Patatha masiku awiri petulo anatha, ndipo atate anapita ku Chongwe pa njinga kukasaka wina. Akali komweko, Lachisanu masana, mvula inagwa.

Sinali mvula yowaza fumbi. Inagwa kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, ndipo m'mawa mwake inayambiranso. Tinali titafunditsa mulu ndi udzu, koma udzu umatchinga madzi ochokera kumwamba, osati ochokera pansi. Dambo linadzaza. Litaphwa pang'ono tinapita ndi amayi. Mizere ya pansi inali itasungunuka, ya pamwamba itagwera m'matope, ndipo mulu wonse unkaoneka ngati chulu chatsopano. Amayi anatola chidina chimodzi chimene chinkaoneka chathunthu, chinaphwanyikira m'manja mwawo. Anasamba m'manja m'chithaphwi, anamanga chitenje bwinobwino, n'kunena kuti tipite tikabzale, mvula siidikira. Zidina zimene zinafika pamtunda zinakwana khitchini yokha. Dzinja limenelo tinasunthanso mphasa.

Mu Epulo tayala limodzi lalikulu linaphulika pa chitsa, ndipo lina lofanana nalo silinapezeke. Atate anatsitsa matayala akale padenga la khola la nkhuku, pamene ankatsendereza malata, n'kuwabwezera onse anayi. Itakwana nthawi yokolola, Njati inakoka tirela yodzaza chimanga n'kukwera chitunda cha pa Mpundu ulendo umodzi, osatsokomola. Ndinkathamanga kumbuyo ndi mwala wanga, ndipo sunafunike. Amalume a Lazaro, amene anali pakhomo tsikulo, anawomba m'manja n'kulengeza kuti hedi imene anapala ija yakhazikika tsopano, ntchito yabwino imaoneka mochedwa. Mawu amenewo ndiwo akhala mbiri ya banja lathu mpaka lero. Atate anatsika m'galimoto, anandiyang'ana kamodzi, n'kuyamba kumasula zingwe. Sanandipepese tsikulo kapena tsiku lina lililonse. Matayala atatu otsalawo anawadula pakati n'kuwasandutsa momwera nkhumba, ndipo ndikuganiza kuti kupepesa kwawo kunathera pamenepo.

Ine ndinali nditapambana, ndipo ndinkafuna wina adziwe. Tsiku lina tikutonola chimanga ndi amayi, ndinawafotokozera zonse: za mpukutu wa pachitsime, zimene ndinanena pa chitunda, ndi mmene ndinakhalira chete pamaso pa a Damiano. Ndinkayembekezera kuti andiyamikira nzeru. Anapitiriza kutonola mpaka chitsononkho chinayera, n'kuchiponya pamulu.

"Ndiye unali kudziwa," anatero. "Unali kulanga batate ako. Koma madzi a zidina zija tinatunga ine na iwe."

Sanabwerezenso nkhaniyo. Chaka chotsatira tinaumbanso, ndipo nyumba inamangidwa patapita zaka ziwiri, zenera limodzi lili lotseka ndi katoni.

Ku koleji ndinaphunzira dzina la chimene mikono yanga inkadziwa pachitsime, ndipo ndachiphunzitsa kwa ana ambiri: tayala likakula, mphamvu yomweyo ya injini imafika pansi itachepa. Koma si phunziro limene landitsata. Mpaka lero ndimakwiya ndikakumbukira abambo akuluakulu akumasula injini yabwinobwino milungu inayi chifukwa yankho linatuluka m'kamwa mwa mtsikana. Mkwiyo umenewo ndili nawo ufulu. Chimene ndilibe nacho ufulu ndi kudziyesa wosalakwa. Atate anateteza ulemu wawo, ine ndinateteza wanga, ndipo amene analipira ndi munthu amene sanalowe nawo mkanganowo. Kudziwa chinthu n'kuchisunga kuti ena achite manyazi si kumvera, ngakhale kuvale nkhope ya kumvera. N'chifukwa chake m'kalasi mwanga, ngakhale ndinkadziwika kuti ndine wovuta, mwana wonena zoona mopanda ulemu ndinkayamba ndamva zoonazo, ulemu tinkakonza pambuyo.

Kwa iwe Mabvuto: usanagule kabureta ina, usanadule paipi, usanapale chilichonse, bwezera matayala a msinkhu wake ukayese pa chitunda cha pa Mpundu. Ukafunabe mphamvu yoposa pamenepo, pita kwa makanika wodziwa, ndipo akakufunsa chimene chinasintha umuuze zonse. Nthawi ino ndanena, ndipo ndalemba.

Kuti wina asadzati ndapeka, awa ndi amene analipo pabwalo Loweruka limene a Damiano anafunsa funso lawo: atate, a Petulo, mwini galimoto, malemu, amayi, a Marita, mwini zidina, malemu, amalume a Lazaro, malemu, a Damiano a kumishoni, malemu, a Shadreki, amene anapereka ngolo n'kukanidwa, akadali moyo ku Kanakantapa kwa mwana wawo, a Filipo ndi a Joni, amene anaseka pa chitunda, onse malemu, mlongo wanga Yohane, bambo a Mabvuto, amene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo amangokumbukira phokoso, ndi ine Veronika, amene ndinaima pafupi ndi tayala, yankho lili m'kamwa, n'kuyang'ana pansi.